Kodi Mzinda wa Blantyre Anaumanga Ndani?

Amayi anzanga, ambiri a ife tikati tikupita m'tauni, maso athu amakhala pa zinthu ziwiri zokha, mtengo wa katundu ndi basi yobwerera kunyumba. Timatsika pa Wenela, kuthamangira kumsika, kukazonda wodwala ku Gulupu, kenaka liwiro kukaphikira ana dzuwa lisanalowe. Nyumba zimene timadutsa m'njiramo sitiziyang'ana n'komwe. Ine ndayenda mu Blantyre kuyambira ndili mtsikana, koma tsiku lina mwana wanga wotsiriza atandifunsa kuti, "Amayi, kodi Mandala ndi munthu kapena ndi malo?" ndinasowa chonena. Ndinangomuuza kuti afulumire basi ingatisiye. Funsolo linandikhala pamtima masiku ambiri, mpaka ndinakalitula kwa anzanga a m'gulu lathu la amayi. Mwa amayi 14 amene tinasonkhana tsikulo, mmodzi yekha ndiye anali ndi yankho, ndipo nalonso linali la theka.

Tinapangana tsono kuti Loweruka lina tisiye zosoka ndi zoluka, tisonkhe ya basi, tikauone mzinda wathu monga amachitira alendo. Tisananyamuke tinafunsa kwa aphunzitsi ndi kwa akuluakulu ampingo, ndipo wina anatibwereka mabuku. Zimene tinaona ndi kumva ndizo ndafuna kukambirana nanu sabata ino.

Tinayambira pa mishoni, pamene ambiri amangoti pa HHI, pakuti mzindawu unabadwira pomwepo. M'chaka cha 1876 amishoni a mpingo wa Church of Scotland anafika kudzakhazikika pamalopa. Amene anasankha malowo anali Henry Henderson, mothandizidwa ndi womasulira wake, Tom Bokwito, ndipo anawalandira ndi Mfumu Kapeni. Masiku amenewo dziko linali losakhazikika. Kunali malonda a akapolo, kunalinso nkhondo za Angoni, kotero kuti anthu ambiri ankathawira m'mapiri. Amishoniwo anatcha malowo Blantyre pokumbukira mudzi wa ku Scotland kumene kunabadwira David Livingstone, amene ali mwana wa zaka 10 ankagwira ntchito m'fakitale ya thonje kumeneko. Dzina lina limene anthu amaukonda nalo mzindawu ndi Kabula. Muone kuti Blantyre ndi wamkulu pobadwa kuposa Johannesburg, Harare ndi Nairobi, ngakhale anzakewo anamupitirira msinkhu.

Chimene chinatigwira mtima pamishonipo ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ambiri munachionapo, ena munakwatitsirapo ana, koma ndikupempheni kuti tsiku lina mudzaime pafupi ndi khoma lake, mudzayang'ane njerwa imodziimodzi. Ntchito yomanga inayamba mu 1888 ndipo tchalitchicho anachitsegulira pa 10 Meyi, 1891. Amene anatsogolera ntchitoyo anali Mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za umisiri womanga nyumba. Analibe ndi mapulani olembedwa papepala omwe. Akafuna kumanga mbali ina, ankayamba ayesa kusanja njerwazo popanda dothi, aone ngati zikukhala bwino, kenaka ndiye n'kumanga. Njerwa zonse anaumba ndi dothi la komweko ndi kuziotcha ndi nkhuni, ndipo owerenga amati pali mitundu ya njerwa yokwana 81, uliwonse ndi chikombole chakechake. Zina n'zozungulira, zina zosongoka, zina zokhota kuti zikhale bwino pamwamba pa zitseko ndi mazenera.

Ife amayi njerwa timazidziwa. Kukakhala chitukuko cha sukulu kapena chipatala kumudzi, otunga madzi oponda dothi ndife, otuta njerwa pamutu kuchokera pa uvuni ndife. Timadziwa kuti njerwa zikwi zochepa chabe zimamaliza madzi a zidebe zingati, ndi kuti msana umamva bwanji madzulo ake. N'chifukwa chake titaima patsinde pa nsanja ziwiri zija, mayi wina wa m'gulu lathu sanayambe ndi kuyamika kukongola kwake. Iye anangopukusa mutu nati, "Koma anthu anatuta pano!" Tonse tinaseka, koma ananena zoona. Dzina la Scott aliyense woonetsa alendo amalitchula, ndipo n'loyeneradi kutchulidwa, pakuti ndi yemweyonso amene analemba buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja limene linatuluka mu 1892. Komatu Scott anali ndi manja awiri okha. Amene anakumba dothi, kuponda, kuumba, kudula nkhuni, kuotcha ndi kukwera pamwamba kukasanja njerwa anali anthu akuda a m'midzi yozungulira, amene anali asanaonepo nyumba yotere chibadwire. Papita zaka zoposa 130 ndipo khoma lawo lidakali chilili, pamene mipanda ina yomangidwa dzana ndi simenti imagwa ndi mvula yoyamba.

Maina ena a anthu athu a pamishonipo analembedwa, ndipo ndi bwino ana athu awadziwe. Kunali Mungo Murray Chisuse, katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. Kunali John Gray Kufa, wothandiza madokotala, amene ananyongedwa mu 1915 pa nkhani ya Chilembwe. Kunalinso Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene mu 1911 anakhala Amalawi oyamba kudzozedwa ubusa pa mishoni ya Blantyre. Awa ndi amene anafika pa sukulu ndi kugwira cholembera. Otunga madzi ndi oponda dothi maina awo anatsalira m'mabanja mwawo.

Kuchoka pamenepo tinayenda wapansi, kudutsa pa Clock Tower ndi kuoloka mtsinje wa Mudi, mpaka tinafika pa nyumba ya Mandala, kumene kunali yankho la mwana wanga. Mu 1878 anthu amalonda a ku Glasgow anayambitsa kampani imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti African Lakes Corporation, ndipo oyang'anira ake oyamba anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi amaso amene ankanyezimira padzuwa, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu n'kupita pa nyumba yake, pa kampani, pa masitolo ake onse a m'dziko muno, mpaka pa dera lonselo. Nyumbayo inamangidwa mu 1882, ndi yosanja, ili ndi khonde kuzungulira, ndipo ndiyo yakale kuposa nyumba zonse zachizungu zimene zidakaimabe m'Malawi muno. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, mmene mumasungidwa mabuku ndi zithunzi zakale.

Mwina mungafunse kuti n'chifukwa chiyani amalonda anasankha kumanga sitolo yawo pamtunda pano, kutali ndi nyanja ndi mtsinje womwe. Chifukwa chake ndi mathithi a Shire. Sitima zapamadzi zochokera ku Zambezi zinkakwera Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndipo pamenepo zinkaima chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi, kuyambira ku Kapichira mpaka kufupi ndi Matope. Katundu yense ankatsitsidwa, n'kunyamulidwa pamutu kukwera chitunda cha Chikwawa kudzafika ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope kumene sitima zina zinkadikira kupita kunyanja. Onyamulawo ndiwo ankatchedwa amtengatenga. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera ngati theka la thumba la chimanga la masiku ano. Nsalu, mchere, malata, zitsulo za makina, zonse zinakwera chitunda chimenecho pamitu ya anthu, ndipo potsika ankasenza minyanga ya njovu ndi khofi. Azungu eni ake ankanyamulidwa pa machila. Amene munakwerapo basi pa msewu wa Chikwawa, injini ikulira ngati ilekeza pompo, taganizani munthu akukwera pamenepo wapansi, wopanda nsapato, katundu ali pamutu.

Ambiri a amuna amenewa ankapita ku mtengatenga kuti apeze ndalama ya msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linaika. Tsono funso limene tinafunsana titakhala pakhonde la Mandala ndi ili: pamene amunawo anali pamsewu masabata ndi miyezi, ankalima munda ndani? Ankawasinjira ufa wa kamba wa paulendo ndani? Ankalera ana ndi kusunga okalamba ndani? Yankho nonse mukulidziwa. Mzinda uwu unasenzedwa pamitu ya amuna, koma amunawo ankadya za m'nkhokwe za amayi.

Pa Mandala pomwepo ndi pamene anthu a John Chilembwe anafika usiku mu Januwale 1915 kudzafuna mfuti m'nyumba yosungiramo zida ya kampaniyo. Anapezako zochepa, ndipo ena a iwo anagwidwa n'kuphedwa. Chithunzi cha Chilembwe timachigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama, koma ndi angati a ife amene podutsa pa Mandala amadziwa kuti nkhani yake inafika pamenepa?

Mu Victoria Avenue sitinachedwemo chifukwa dzuwa linali litakwera. Tinaona holo yakale ya tauni, yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Khonsolo ya tauniyi inali itayamba kale. Tinaimanso pang'ono pa hotela ya Ryall's, imene inayambitsidwa ndi mayi, Louisa Ryall, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Panja pa hotela imeneyi, mu Januwale 1960, anthu anasonkhana ndi zikwangwani pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inali mkati, kufuna kuti Dr Banda ndi anzake atulutsidwe m'ndende ndi kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chithe. Amayi ndi atsikana anali nawo m'gulumo, ndipo nkhaniyo inamveka mpaka ku London.

Ntchito ya amtengatenga inayamba kuchepa njanji itafika. Sitima yapamtunda yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Limbe anakula chifukwa cha njanjiyo ndi fodya. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake kumeneko nthawi yomweyo, okushoni ya fodya inatsegulidwa mu 1938, ndipo Amwenye anamanga masitolo awo amene timagulamo nsalu mpaka lero. Kwa zaka zambiri Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana, aliyense ndi khonsolo yake, mpaka anawaphatikiza mu 1956. Msewu wolumikiza awiriwa, umene tsopano ndi Masauko Chipembere Highway, uli ndi mbiri pa mtunda uliwonse. Ginnery Corner anatchedwa choncho chifukwa panali makina ochotsa njere za thonje. Chipatala cha Queen Elizabeth, Gulupu wathu uja, chinatsegulidwa mu 1958. Pa bwalo la masewero limene lero ndi Kamuzu Stadium ndi pamene mbendera ya Britain inatsika ndipo ya Malawi inakwera pakati pa usiku wolowera pa 6 Julayi, 1964. Chapafupi pali chipilala cha ufulu chodutsa pamwamba pa msewu, ndiponso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966. Kumeneko ana amakondwa ndi injini yakale ya sitima imene ili pabwalo. Ngati mwana wanu sanapiteko, sungani kangachepe mupite naye, n'kotsika mtengo kusiyana ndi nsalu imodzi.

Nyumba zonse ndatchulazi zili ndi zaka zake zolembedwa. Koma titakhala pansi pa mtengo ku Chichiri kudya mbatata zathu, mayi wachikulire wa m'gulu lathu anatifunsa kuti, "Nanga anthu ankagwira ntchito m'nyumba zimenezi ankagona kuti?" M'masiku a atsamunda pakati pa tauni panali pa azungu ndi Amwenye. Munthu wakuda ankalowamo m'mawa kudzagwira ntchito, madzulo n'kutuluka. Ophika, olonda, ochapa, onyamula katundu ndi amisiri anamanga nyumba zawo m'midzi ya m'mphepete, ndipo waukulu mwa midzi yotereyi ndi Ndirande, patsinde pa phiri la dzina lomwelo. Mafakitale atachuluka ku Makata, makamaka ufulu utabwera, Ndirande anakulirakulira. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead inayamba mu 1967, ndipo amayi a msinkhu wa amayi anga amakumbukira chitenje choyamba chopangidwa m'dziko momwe muno chimene anavala. Mpaka lero, mukadzuka m'mamawa n'kuima m'mbali mwa msewu wa Makata, mudzaona mtsinje wa anthu ukutsika wapansi kuchokera ku Ndirande kupita kuntchito, monga ankachitira agogo awo.

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kulibe zikwangwani zofotokoza mbiri. Komatu nakonso kuli malo akale: chitsime chimene anthu oyamba ankatungapo madzi, mtengo umene msika unayambirapo, nyumba imene mzamba wina anabadwitsiramo theka la ana a dera lonse, pamene amayi ankaphikira mowa ndi zitumbuwa kuti alipirire ana sukulu. Mlendo sangazione zimenezi. Amazidziwa ndi agogo amene amakhala pakhonde kuothera dzuwa, amene ife timawadutsa ndi moni wa pamsewu.

Inu a kumudzi musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okha. Boma la Blantyre ndi lalikulu kuposa mzinda. Likufika ku Lunzu, ku Lirangwe, ku Chileka, kwa Kuntaja, kwa Kunthembwe, kwa Somba, mpaka kukagunda Shire. Madzi ambiri amene amatuluka m'mipope ya m'tauni amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amapopedwa kukwera mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Magetsi oyendetsa mafakitale amachokera pa mathithi omwe aja amene ankatsekereza sitima, ndipo makina oyamba a pa Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966. Ndiwo zamasamba, nkhuni, nkhuku, mchenga womangira, ndi antchito eni ake, zonse zimalowa mumzinda kuchokera kumidzi. Tauni popanda mudzi singagone ndi chakudya m'mimba ngakhale sabata imodzi.

M'midzi imeneyi ndi mmene munagwa njala yoopsa ya 1949. Mayi wina wophunzira za mbiri yakale, Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya boma la Blantyre kufunsa za njalayo, ndipo buku lake linatuluka mu 1987. Chimene chinandikondweretsa nditamva za bukuli n'chakuti zambiri anazipeza kwa amayi, m'nkhani zawo ndi m'nyimbo zawo za pamtondo. Zimene malipoti a boma sanalembe, monga za amuna amene anapita kukasuma chakudya osabwereranso, ndi za amayi amene anatsala okha ndi ana, zinasungidwa m'nyimbo zosinjira. Lero tonse timapita kuchigayo, mtondo wangotsala wosinjira nsinjiro, ndipo nyimbozo zikupita pamodzi ndi eni ake.

Mapiri nawo ndi zizindikiro za mzindawu, ndipo ndi akale kuposa nyumba iliyonse: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe ndi Mpingwe. Akuluakulu amakumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango yowirira. Mitengoyo inatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero phirilo lili mbee. Ku Soche nyumba zinakwera mpaka pamene kale panali mitengo, ndipo zimene zinachitika ku Chilobwe mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala pa nyumba za anthu usiku, palibe mayi wa mu Blantyre angaziiwale. Sindikuloza chala munthu, pakuti mbaula ya makala ili pakhomo panga monga ili pakhomo panu, ndipo amene anamanga m'phiri anatero chifukwa chosowa malo. Koma Michiru nayenso akutha tikuona.

Nyumba zakale nazo sizili pabwino zonse. Tchalitchi cha St Michael ndi nyumba ya Mandala zili m'gulu la malo otetezedwa ndi lamulo, ndipo zili ndi ozisamala. Zina zambiri zikungoonongeka, malata achita dzimbiri, makoma ang'ambika. Kuyambira nthawi ya Kamuzu pakhala mchitidwe wolemba nyenyezi yofiira pa nyumba zooneka zakutha, kuti eni ake azikonze kapena azigwetse. Nyumba yoti ingagwere anthu iyeneradi kuchoka, pamenepo sinditsutsa. Chimene ine ndimadandaula n'chakuti nyumba imagwetsedwa popanda wina kuijambula kapena kufunsa kuti inamangidwa liti, anaimanga ndani, munkachitika chiyani. Pakatha chaka pamamera nyumba ya magalasi, ndipo ngakhale ife amene tinkadutsapo tsiku ndi tsiku timayamba kutsutsana kuti kale panali chiyani.

Kuletsa kugwetsa nyumba ife amayi a m'magulu sitingathe, koma titabwerako ku ulendo wathu tinagula kope la masamba ambiri, ndipo tinasankha mayi wolemba bwino kuti alisunge. Pamsonkhano uliwonse, tikatha kuwerengera ndalama za gulu, timapatula kanthawi kuti mmodzi afotokoze zimene wafunsa kwa apongozi ake, kwa azakhali kapena kwa gogo woyandikana naye. Mafunso ake ndi apafupi. Munabwera liti kuno, kuchokera kuti? Pamene pali msika pano panali chiyani? Madzi munkatunga kuti? Bambo ankagwira ntchito yanji, ndipo inu munkapeza bwanji ndalama? Timalemba dzina la wonenayo, mudzi wake ndi tsiku. Poyamba ena ankachita manyazi, ati sukulu sitinapite nayo patali, tingalembe mbiri ife? Koma kulemba zimene gogo wanena sikufuna satifiketi.

Gogo woyamba amene tinamuyendera tonse pamodzi anali wa zaka za m'ma 80, wochokera cha ku Lirangwe. Anatiuza mmene ali kamtsikana, chaka cha njala chija, anayendera ndi amayi ake masiku awiri kukasinthitsa mphika ndi chinangwa, ndi mmene anadzafikira ku Ndirande atakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito yochapa kwa mzungu. Anatiimbira nyimbo imodzi ya pamtondo, mawu akunjenjemera, ndipo tinailemba. Anati akudziwa zina zitatu koma watopa, tidzabwerenso. Ife tinatanganidwa ndi zokolola, kenaka ukwati wa mwana wa mnzathu, kenaka mvula. Pamene tinati tipite, tinamva kuti anamuika sabata yathayo. M'kope mwathu, pansi pa nyimbo yake, tinasiya mizere itatu yopanda kanthu.

Lachinayi likudzali tikupita ku Bangwe kwa gogo wina amene amuna ake anagwira ntchito ku njanji ku Limbe moyo wawo wonse. Watumiza uthenga kuti tilawirire, ndipo tisaiwale shuga ndi masamba a tiyi, chifukwa nkhani yake ndi yaitali.